Kamangidwe ka Zogwirizira Mapanelo a Sola pa Denga la Matailosi Achitsulo

Denga la matailosi achitsulo limanyenga maso. Munthu akaliyang'ana ali pansi amaona chitsulo cholimba ndipo amaganiza kuti angamangirirepo chilichonse, chonsecho tailosi iliyonse ndi lata lopyapyala, losapitirira kwenikweni theka la milimita kukhuthala kwake, limene analisindikiza pa makina kuti lioneke ngati tailosi ya dothi, ya mwala kapena ya thabwa. Pansi pa tailosiyo nthawi zambiri pamakhala mpata wopanda kanthu. Ntchito yake ndi yotsetsereza madzi, ndipo imaigwira bwino kwa zaka makumi angapo, koma siinapangidwe kuti isenze katundu.

Chifukwa cha ichi, aliyense woika sola pa denga lotere ayenera kusunga zinthu ziwiri m'mutu kuyambira pachiyambi mpaka pomaliza. Kulemera kwa mapanelo, pamodzi ndi mphamvu ya mphepo imene imawakankha ndi kuwanyamula, kuyenera kukafika m'mapaso a denga popanda kutsamira tailosi. Madzi a mvula nawonso ayenera kupitiriza kutsika monga ankatsikira kale, kuchoka pa tailosi yam'mwamba kugwera pa yam'munsi, osati kudalira silikoni kuti ndiye awatsekereze.

Lidziweni denga lanu musanagule chilichonse

Choyamba fufuzani mtundu wa matailosi ndi mmene anawakhomera. Pali matailosi achitsulo amene pamwamba pake anamatapo timiyala ting'onoting'ono ngati mchenga wokhakhala, luso limene linayambira ku New Zealand m'zaka za m'ma 1950. Ambiri a mtundu umenewu amakhomeredwa pa timatabwa topingasa mapaso, ndipo msomali kapena sikuluwu imalowa pa mphuno ya tailosi, kumene lata linapindikira pansi. Palinso matailosi opentedwa chabe, a chitsulo kapena aluminiyamu, amene amakolana mbali zonse zinayi ndipo amagona pa pulayiwudi yoyalidwa pa denga lonse, misomali yake ili yobisika pansi pa tailosi yotsatira. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri. Tailosi yokhomera pa timatabwa mungathe kuimasula n'kuitukula pakati penipeni pa denga, pamene tailosi yokolana mbali zonse imavuta kuichotsa osaipinda, ndipo nthawi zina pamafunika kumasula mizere yonse kuchokera pamsonga pa denga mpaka kufika pamene mukufunapo.

Zopanira zimene zimagwira pa msoko woimirira wa malata aatali, monga za kampani ya S-5!, sizithandiza pano, chifukwa matailosi alibe msoko wotero. Zogwirizira za malata wamba a mizere, zimene zimakhomeredwa pa lata lenilenilo ndi timasikuluwu tating'ono, nazonso n'zosayenera. Lembani dzina la kampani yopanga matailosi anu ndipo muwerenge malangizo ake okhudza kuboola denga, popeza makampani ena amathetsa chitsimikizo cha denga ngati mwagwiritsa ntchito zogwirizira zimene sanazivomereze.

Kenako lowani pakati pa siling'i ndi denga muli ndi tochi. Yang'anani phaso lililonse limene lidzasenze sola, muone ngati lili ndi ming'alu, ngati lafumbwa, ngati lawola kapena ngati pali zipsera za madzi. Yezani kutalikirana kwa mapaso. Pa nyumba zambiri amatalikirana mamilimita 400 kapena 600, koma denga la timatabwa topingasa likhoza kukhala ndi mipata yokulirapo. Panelo imodzi ya mawati pafupifupi 400 imalemera makilogalamu 20 kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo imakhala ya mamita pafupifupi 1.7 m'litali ndi 1.1 m'lifupi. Mukaphatikiza njanji, zitsulo zazitali zimene mapanelo amagonapo, ndi zogwirizira, denga limalandira makilogalamu 12 mpaka 15 pa sikweyamita iliyonse. Denga labwino limapirira zimenezi mosavuta, koma ngati mwaona phaso lopindika kapena lokayikitsa, itanani injiniya wa zomangamanga asanakwerepo munthu. Funsaninso ku ofesi yoona za zomanga m'dera lanu ngati pakufunika chilolezo, ndiponso ngati pali lamulo la mpata umene uyenera kusiyidwa m'mbali mwa mapanelo kuti ozimitsa moto azitha kudutsa.

Jambulani pa pepala kaye

Mapanelo amapereka magetsi ochuluka akayang'ana kumene dzuwa limadutsa masana, ndiko kumpoto kwa amene ali kum'mwera kwa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, ndi kum'mwera kwa amene ali kumpoto kwake. Sankhani mbali ya denga yopanda mthunzi wa mitengo, chumuni kapena thanki ya madzi. Jambulani mbali imeneyo pa pepala, muikepo mizere ya mapaso, mizere ya matailosi ndi malo a mapanelo, kuti muone pamene njanji iliyonse idzadutse.

Chimene anthu ambiri sachiganizira ndi chakuti mphepo imakoka mapanelo kuposa mmene kulemera kwawo kumawapanikizira. Mphepo ikawomba nyumba, imayamwa denga mwamphamvu m'makona, m'mphepete ndi pamsonga, ndipo pakati pa denga mphamvuyo imachepa. Ndiye chifukwa chake ndi bwino kusendeza mapanelo mkati pang'ono, ndipo ngati n'kosatheka, zogwirizira za m'mphepete ziyandikane kuposa za pakati. Kawirikawiri zogwirizira zimatalikirana mamita 1.2 pa njanji imodzi, koma nambala yeniyeni muitenge pa tebulo la kampani yopanga njanji, limene limawerengedwa potsatira malamulo a mphamvu ya mphepo monga ASCE 7 ku United States kapena EN 1991-1-4 ku Ulaya. Musaunjike zogwirizira zonse pa mapaso omwewo. Ngati njanji yam'munsi yagwira phaso loyamba, lachitatu ndi lachisanu, yam'mwamba igwire lachiwiri, lachinayi ndi lachisanu ndi chimodzi, kuti katundu agawike pa denga lonse.

Malo a njanji salamulidwa ndi matailosi okha. Kampani iliyonse yopanga mapanelo imasonyeza chigawo cha felemu chimene chopanira chiyenera kugwira, ndipo nthawi zambiri chimakhala chapafupi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a utali wa panelo kuchokera kumapeto. Sankhani mizere ya matailosi imene idzaike njanji zonse ziwiri mkati mwa chigawo chimenecho.

Kukwera ndi kuyenda pa denga

Makwerero aimikidwe motsamira bwino, phazi lake litalikire khoma mita imodzi pa mamita anayi alionse okwera, ndipo mutu wake upitirire m'mphepete mwa denga ndi pafupifupi mita imodzi, womangidwa kuti usaterereke. Valani lamba wachitetezo wolumikizidwa ku chingwe chimene chamangidwa pa chogwirira chokhomeredwa m'phaso. Chitsulo chonyowa ndi mame chimaterera koopsa, ndipo masana chimatentha mpaka kuwotcha dzanja, choncho nthawi yabwino ndi m'mawa mame atauma. Musagwire ntchitoyi nokha, ndiponso muonetsetse kumene kwadutsa mawaya a magetsi olowa m'nyumba musananyamule njanji yaitali ya aluminiyamu.

Kapondedwe kanu n'kamene kadzasonyeze ngati denga litsale lokongola kapena lodzala ndi malo opindikira mkati. Valani nsapato za mphira wofewa ndipo muzipukuta kunsi kwake, chifukwa kamwala kapena kachitsulo kokanirira ku nsapato kamakanda penti paliponse pamene mwaponda. Pa matailosi okhomera pa timatabwa, pondani pa malo otsika a tailosi, chakumphuno kwake, pamene kathabwa kali pansi. Pa matailosi okolana pondani pamene lata lagona pa pulayiwudi, ndipo pamene muzigwada nthawi yaitali yalanipo thabwa lokhala ndi siponji kunsi kwake. Mukamva tailosi ikulira kuti phwa pansi pa phazi, dziwani kuti mwaponda pa mpata.

Pa zida, konzani dirilo, tepi yoyezera, chingwe chowongolera mzere, sizasi yodulira malata, chobowolera mabowo ozungulira pa chitsulo, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, burashi yofewa ndi maginito. Galayinda isakwere pa denga. Moto wake umawotcha zinki ndi penti m'mbali mwa podulapo, ndipo timoto take timamwaza tizitsulo totentha timene timamatirira pa penti n'kuyamba dzimbiri. Pensulo wamba nayonso isiyeni pansi. Matailosi ambiri ndi achitsulo chokutidwa ndi Galvalume, chosakaniza chimene magawo 55 pa 100 alionse ndi aluminiyamu ndipo pafupifupi chotsala chonse ndi zinki, ndipo galafaiti, chakuda cha mkati mwa pensulo, chikanyowa chimadya chokutiracho. Lembani zizindikiro ndi maka kapena pa tepi yomata.

Kupeza phaso ndi kulasa pakati pake

Apa ndi pamene ntchito yonse imakhalira kapena kuonongekera. Phaso wamba limakhala la mamilimita 38 okha m'lifupi, ndipo sikuluwu yaikulu imene imagwira chogwirizira ndi ya mamilimita 8. Mukaphonya pakati ndi sentimita imodzi yokha, sikuluwu imayandikira kwambiri m'mbali mwa phaso ndipo ikhoza kuling'amba, ndipo ngakhale imaoneka yolimba pomanga, mphamvu yake yogwira imakhala itachepa kwambiri.

Njira yodalirika ndiyo kuyeza kuchokera mkati. Wina alowe pansi pa denga ayeze kutalika kwa phaso lililonse kuchokera pa chinthu chooneka mbali zonse, monga paipi yotulukira pa denga kapena khoma lakumapeto, ndipo miyezoyo muisamutsire pamwamba. Mitu ya mapaso yooneka kunsi kwa denga imathandizanso, ngakhale phaso silikhala lowongoka nthawi zonse kuchokera m'munsi mpaka pamsonga. Mukatukula tailosi, mzere wa misomali ya timatabwa kapena ya pulayiwudi umasonyeza pamene phaso ladutsa.

Mukatsimikiza, boolani bowo lotsogolera ndi kachitsulo ka mamilimita 5.5, dirilo itaima molunjika ndi denga. Dzanja lanu lidzakuuzani zoona. Ngati mwalasa phaso, dirilo imalimba ulendo wonse ndipo imatulutsa utuchi wochuluka. Ngati mwaphonya, imalimba pang'ono podutsa pulayiwudi kenaka n'kugwera m'mphako mwadzidzidzi. Zikatero musapendeketse dirilo kuti mulondole phaso. Tsekani bowolo bwinobwino ndi chomatira choyenera, mumatepo chigamba cha pepala lotchinga madzi, ndipo mubowole pena. Kuti mudziwe mbali imene phaso lili, pindani kawaya ngati chilembo L, mukalowetse m'bowomo ndi kukazungulitsa mpaka katagunda thabwa. Pamene phaso lili patali ndi malo amene mukufuna, ikani chipika cha thabwa pakati pa mapaso awiri kuchokera mkati, chomangidwa zolimba mbali zonse, ndipo sikuluwu ilowe m'menemo. Kumangirira pa pulayiwudi yokha kapena pa kathabwa kopingasa n'kololedwa pokhapokha chogwiriziracho chinapangidwira zimenezo ndipo injiniya wavomereza.

Sikuluwu ikhale ya chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo mbali yake ya mazinga ilowe m'phaso lenilenilo mamilimita osachepera 63. Poyeza utali wake musawerengere pulayiwudi, kathabwa kopingasa kapena phazi la chogwirizira. Ikani chomatira m'bowo musanailowetse. Imangeni mpaka phazi litakhala zolimba, ndipo mumalize ndi sipanala ya pamanja, chifukwa makina omangira mogunda amapitirira muyezo mosavuta n'kuphwanya mazinga a m'thabwa. Sikuluwu imene ikungozungulira osalimba yataya mphamvu yake ndipo pamenepo mpofunika kusamuka.

Njira yoyamba, ya ngowe yodutsa pansi pa tailosi

Njira iyi ndi imene ine ndimaiona yoposa, paliponse pamene matailosi akulola kutukulidwa, chifukwa siisiya bowo pa nkhope ya tailosi. Chogwirizira chake ndi ngowe yachitsulo yokhala ndi phazi lotambalala limene limamangidwa pa phaso, ndi mkono umene umatsika n'kutulukira pakati pa mizere iwiri ya matailosi. Ngati denga likumangidwa kumene kapena likusinthidwa, uzani okhoma denga kuti aziika ngowezi pamene akuyala matailosi, ngakhale mapanelo adzabwere chaka chamawa. Ntchito ya tsiku lathunthu imasanduka ya mphindi zochepa pa ngowe iliyonse.

Pa denga lakale, zulani misomali kapena masikuluwu a pa mphuno ya tailosi imene ili pamwamba pa malo anu, ndiponso ya oyandikana nayo ngati ikuipanikiza. Itukuleni modekha ndi manja awiri kuti isapindike pakati, ndipo muichirikize ndi kachipika kapena muichotseretu. Ikani phazi la ngowe pa phaso, mubowole mabowo otsogolera ndi kumanga masikuluwu monga tafotokozera. Ngowe zambiri zimafuna masikuluwu awiri.

Mukatero tchingani phazilo pa mulingo wa pepala lotchinga madzi limene lili pansi pa matailosi, pakuti madzi ochepa owuluzidwa ndi mphepo komanso chinyontho cha m'mawa zimafika pamenepo. Chigamba chake chiikidwe monga mamba a nsomba, cham'mwamba chikuphimba cham'munsi. M'mphepete mwake mwam'mwamba mulowe pansi pa pepala lakale kapena mumatidwe zolimba, ndipo mwam'munsi mugone pamwamba pa pepalalo kuti dontho lililonse lipitirire ulendo wake wotsika.

Tsopano yang'anani mkono wa ngowe. Pakati pa mkonowo ndi tailosi yam'munsi payenera kutsala mpata wa mamilimita 3 mpaka 5, chifukwa ngowe imawerama pang'ono ikasenza katundu, ndipo ikakhudza tailosi imaikwecha chaka ndi chaka mpaka penti itatha. Ngati mpata palibe, kwezani phazi ndi timbale tachitsulo topangidwira zimenezo. Pa mphuno ya tailosi yam'mwamba dulani kampata ndi sizasi, kokwanira mkono wokha, kuti tailosiyo ikabwerera igone pansi monga anzake. Pakani podulapo penti yokonzera imene kampani ya matailosi imagulitsa. Bwezerani tailosi ndi misomali kapena masikuluwu atsopano a mtundu womwewo, ndipo musanaitseke jambulani chithunzi cha phazi ndi chigamba chake, kuti mtsogolo padzakhale umboni wa zimene zili pansi.

Njira yachiwiri, ya mzati wodutsa m'tailosi

Pa matailosi okolana mbali zonse amene sangatukulidwe, njira imene imatsala ndiyo kubowola tailosi ndi kuimika kamzati kachitsulo kamene phazi lake limakhala pa pulayiwudi, pamwamba pa phaso. Njirayi ndi yolimba ngati yachitidwa mosamala, koma imafuna kuleza mtima kwambiri kuposa yoyamba.

Bowo likhale pa malo osalala a tailosi, kutali ndi pokolanirana, ndiponso kunja kwa tingalande tam'mbali timene timanyamula madzi. Ngati phaso lagwera ndendende pa msoko wa matailosi awiri, sunthirani ku mzere wam'mwamba kapena wam'munsi, popeza misoko ya mizere yotsatizana siikhala pa malo amodzi. Yambani ndi kabowo kakang'ono kotsimikizira phaso, ndipo pokhapokha mwalipeza ndi pamene mudule bowo lalikulu lozungulira, mosamala kuti mano asang'ambe pepala lotchinga madzi. Chotsani nyenyeswa zonse zachitsulo nthawi yomweyo, zam'kati ndi zapamwamba.

Phazi la mzati likhale pa pulayiwudi, pansi pake pali tepi yomata ya mphira wa butyl kapena chomatira chimene kampani yanena, ndipo sikuluwu ilowe m'phaso. Cholakwa chofala kwambiri pa madenga amenewa ndicho kuika bulaketi pamwamba pa tailosi n'kumanga sikuluwu yaitali kudutsa mpata wapansi. Sikuluwu ikamalimba tailosi imapindikira mkati n'kupanga kadziwe kozungulira bowo, ndipo sikuluwuyo imakhala ikugwedezeka m'mpatamo nthawi iliyonse mphepo ikawomba, kufikira chomatira chitang'ambika. Ngati chogwirizira chanu ndi cha mtundu wokhala pamwamba, pansi pa tailosi payenera kudzazidwa ndi cholimba chofika mpaka pa pulayiwudi.

Pa mulingo wa tailosi, mzati umatsekedwa ndi kachipewa ka mphira wa EPDM kokhala ndi mkombero wa aluminiyamu wofewa. Dulani kamwa lake mocheperako kuposa mzati kuti likaugwire mothina, mukatsitse mpaka pansi, ndipo mukanikize mkombero kuti utsatire maonekedwe a tailosi. Ngati mkombero ndi wa makona anayi, ukhazikeni kona imodzi italoza kumsonga kuti madzi azipatuka m'malo moima kumbuyo kwake. Pansi pa mkombero pakhale chomatira mozungulira monse, kenaka muumange ndi timasikuluwu tokhala ndi mphira kapena marivete otseka. Pa matailosi a timiyala, chomatira sichigwira bwino pa timiyalato, choncho palani malo a mkombero mosamala osafika pa chitsulo, ndipo mukamaliza mubwezeretse timiyala m'mbali pogwiritsa ntchito zokonzera za kampaniyo.

Za chomatira pali mawu amodzi ofunika. Silikoni wa fungo la viniga amatulutsa asidi pouma ndipo amadya zinki ndi aluminiyamu. Gwiritsani ntchito silikoni wolembedwa kuti ndi woyenera pa malata, amene sadya chitsulo, ndipo malo omatapo akhale ouma ndi opanda fumbi.

Njanji

Mangani mabulaketi pa ngowe kapena pa mizati, koma musawalimbitse kaye. Yambani ndi njanji yam'munsi, muiwongole ndi chingwe chokokedwa kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, pakuti m'mphepete mwam'munsi ndimo mmene maso a munthu ali pansi amaonera kukhota kulikonse. Ikani yam'mwamba kwambiri, kenaka zapakati muzilinganize ndi chingwe chodutsa pa ziwirizo. Denga silikhala losalala ngati tebulo, ndipo mabowo aatali a m'mabulaketi alipo kuti mukweze kapena kutsitsa njanji mpaka zonse zikhale pa mulingo umodzi. Panelo yomangidwa pa njanji zosiyana mulingo imakhala yopotoka moyo wake wonse. Yezani kuchokera pa kona kufika pa kona yopingasana nayo mbali zonse ziwiri, ndipo miyezo ikafanana ndiye kuti makona ali bwino.

Mbali ya njanji yopitirira chogwirizira chomaliza isatalike kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a mpata wa pakati pa zogwirizira, ndipo polumikizira njanji ziwiri pasakhale pa mbali yolendewerayo. Aluminiyamu amafutukuka akatenthedwa. Njanji ya mamita 10 imatalika ndi mamilimita oposa 11 ngati kutentha kwasintha ndi madigiri 50, zimene zimachitika pa denga pakati pa usiku wozizira ndi masana otentha. Pa mizere yaitali siyani mpata wofutukukira pamene kampani yanena, ndipo panelo isadutse pamwamba pa mpatawo. Siyaninso mpata wa masentimita pafupifupi 10 pakati pa denga ndi mapanelo kuti mpweya uzidutsa, chifukwa panelo imataya 0.3 mpaka 0.4 peresenti ya mphamvu yake pa digiri iliyonse yopitirira 25. Zonse zikalingana, limbitsani bawuti iliyonse ndi sipanala yoyeza mphamvu, pa muyezo wolembedwa m'malangizo, ndipo muike kadontho ka maka pa iliyonse imene mwamaliza. Mabawuti osachita dzimbiri amakonda kukanirira akamangidwa mothamanga, choncho amangeni pang'onopang'ono.

Zitsulo zosagwirizana ndi mawaya

Kopa ndi mdani wa denga lachitsulo. Akakhudzana ndi aluminiyamu kapena zinki pali chinyontho, zitsulo zinazo zimadyeka, ndipo ngakhale madzi ongodontha kuchokera pa kopa amasiya mzere wa dzimbiri pa tailosi. Waya wa ethi, umene umalumikiza njanji ku nthaka, ukhale wokutidwa kapena wokwezedwa kuti usagone pa denga, ndipo ukhudze njanji pa cholumikizira chopangidwira zimenezo basi. Matabwa othiridwa mankhwala okhala ndi kopa nawonso amadya zitsulo wamba, ndipo ichi ndi chifukwa china chosankhira masikuluwu osachita dzimbiri.

Khungu lolimba la pa njanji ndi pa mafelemu a mapanelo silidutsa magetsi bwino, n'chifukwa chake zopanira zabwino zimakhala ndi timano timene timaliboola kuti zitsulo zonse zilumikizane. Zida zoyesedwa potsatira muyezo wa chitetezo wa ku United States wotchedwa UL 2703 zinayesedwanso pa mfundo imeneyi. Mawaya a mapanelo amangiriridwe ku njanji ndi ku mafelemu ndi timakilipi tachitsulo, asalendewere mpaka kukhudza denga, makamaka la timiyala limene limapala chikopa cha waya mphepo ikamaugwedeza. Polowera mawaya m'nyumba patchingidwe mosamala ngati pa chogwirizira chilichonse. Kulumikiza mapanelo ku inveta, makina osintha magetsi a mapanelo kuti agwire ntchito m'nyumba, ndi ntchito ya katswiri wa zamagetsi wovomerezeka, chifukwa panelo imapanga magetsi nthawi iliyonse kuwala kukaigwera, ndipo mzere wa mapanelo olumikizana umafika mavoti mazana angapo.

Kuyesa ndi madzi, kenaka mapanelo

Mapanelo asanaphimbe ntchito yanu, iyeseni ndi madzi. Wina akhale mkati ndi tochi, inu muzithira madzi ndi paipi pa zogwirizira, kuyambira mzere wam'munsi kukwera m'mwamba, mphindi zingapo pa chilichonse, madziwo akutsika monga mvula osati kulasa pansi pa tailosi. Mukayambira pamwamba simudzadziwa chimene chikudontha. Sesani denga lonse ndi burashi yofewa, mudutsitse maginito m'mbali mwa zogwirizira ndi m'ngalande ya madzi, ndipo zimenezi zizichitika madzulo alionse a ntchito, chifukwa nyenyeswa zachitsulo zikagona pa mame usiku umodzi zimasiya timadontho tofiira pa penti.

Mapanelo akwezedwe ndi anthu awiri, tsiku lopanda mphepo. Yoyamba ikhazikidwe mosamala kwambiri, popeza zina zonse zimatsatira mzere wake. Imangeni ndi zopanira zakumapeto, mulumikize mawaya ake mpaka zolumikizira zitalira kuti zalowa, muike zopanira zapakati, ndipo musendeze panelo yotsatira. Musaponde kapena kugwada pa galasi, chifukwa timaselo tam'kati timachita ming'alu yosaoneka ndi maso imene imachepetsa magetsi pakapita nthawi. Chopanira chilichonse chimangidwe pa muyezo wake, ndipo mapeto a njanji adulidwe mofanana, nyenyeswa zake zikugwera pa nsalu.

Mvula yaikulu yoyamba ikagwa, lowaninso pansi pa denga mukayang'ane pa sikuluwu iliyonse. Pambuyo pake, kamodzi pa chaka ndiponso mphepo yamkuntho ikadutsa, onani ngati zopanira zili zolimba, ngati mphira wa tizipewa sunang'ambike, ngati waya wina sunagwere pa denga, ndipo muchotse masamba ndi zisa za mbalame zimene zaunjikana kumbuyo kwa zogwirizira, pakuti zinyalala zonyowa zimaimitsa madzi ndi kudya penti ya tailosi.